Atsogola M'mawa Uno

Chinayamba ndi sopo. M'mawa wina Nasingano anatuluka kukadzaza ndowa yosambira m'manja, ija ya kampopi imene anthu a pamdadadapo anaika pageti mliri utavuta, ndipo anapeza sopo atalumidwa. Sanali makoswe ayi. Khoswe amanyenya pang'onopang'ono n'kusiya tizikanda. Apa panalumidwa kamodzi ndi kamwa ya munthu wamkulu, mano a m'mwamba atadinda bwinobwino, ndipo chapakati panali kamzere kosonyeza kuti dzino limodzi linali lobenthuka. Chidutswa chake chinali pansi, chitalavulidwa pafumbi.

Anaima ndi sopoyo m'manja. Mwamuna wake anali ndi dzino lotero, analibenthula potsegula botolo ali mnyamata. Koma mwamuna wakeyo anali atamulira maliro masiku apitawo.

Amuna akewo anthu ankawatcha a Wailesi, poti kamwa yawo inkatseguka m'mawa pamodzi ndi chitseko cha shopu yawo yometera, n'kudzatsekedwa ndi tulo basi. Ndi iwonso amene anamupatsa mkazi wawo dzina la Nasingano, chifukwa anali telala ndipo masingano sankachoka pachifuwa pa bulauzi yake. Mliri utafika, anthu anayamba kuopa kugwidwa kumutu ndi munthu wina. A Wailesi anatseka shopu, nasamutsira mpando, galasi ndi malumo m'kanyumba ka matabwa ndi malata kamene kanali kumapeto kwa bwalo, kuseri kwa bafa. Anakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba la thalauza. Pasanapite nthawi, tsiku lina akupukuta tebulo anati, "Amayi, sipiliti uyu andigulitsa wabodza, sakununkha n'komwe." Chonsecho mkaziyo fungo linkamuluma m'mphuno ali kuchipinda. Kenako kunabwera kutentha thupi, chifuwa chouma, kubanika. Ambulansi inafika ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, inawanyamula ndi thalauza lomwelo, foni yawo n'kutsala patebulo. Nasingano sanaloledwe ngakhale kuwagwira dzanja.

Iye anauzidwa kuti asatuluke pageti. Ana anawatumiza kwa mkulu wake. Chakudya kuchipatala ankapititsa ndi mlamu wake, mng'ono wawo wa a Wailesi, amene ankachisiya kwa mlonda chifukwa m'kati simunkalowa munthu. Tsiku lina mlamuyo anabwerera ndi chakudya chosatsegula. Anati mlonda, masiki kukamwa, ataima patali, anangomukuwira kuti, "Ometa aja? Olongolola aja? Atsogola m'mawa uno. Bwererani, pano si poima." Mlamu anakhala pansi pamsewu pomwepo. Anthu ena amene anali pagetipo anamuuza kuti thupi la wofa ndi mliri salipereka kwa abale, amalikulunga m'pulasitiki n'kukaika okha tsiku lomwelo. Sanafunsenso. Ndani akanafunsa, pamene uthenga wotere unkalowa m'nyumba iliyonse? Maliro ake analira anthu owerengeka, atakhala motalikirana pabwalo, popanda bokosi, popanda manda. Palibe amene anamukumbatira Nasingano.

Ndiye m'mawa wa sopowo, woyamba kumupeza ali chiimire anali Mayi Ndamva a khomo loyandikana nalo. Dzina lawo linachokera pakamwa pawo, chifukwa chiganizo chawo chilichonse chinkayamba choncho.

"Anzanga, mwaima ngati mtengo bwanji?"

Nasingano anawaonetsa sopoyo. Mayi Ndamva anasuzumira ali patali, nakweza masiki mpaka m'maso.

"Eee! Ndamva kuti ofa ndi mliriwu sagona," ananong'ona. "Poti sanasambitsidwe ndi abale awo, amabwerera kudzafuna madzi. Ndamvanso kuti akakukhosomolera, iwe m'mawa mwake ndi ambulansi."

Masiku amenewo aliyense anali dokotala. Wina akuti imwani mandimu, wina akuti kachilomboka kamaopa mowa, wina akuti kamakhala m'zitsulo chaka chathunthu, winanso akuti kulibe matenda, ndi bodza la akuluakulu. Zimene ankalengeza azaumoyo, zoti sambani m'manja, talikiranani, odwala ambiri amachira, zinkamveka zozizira poziyerekeza ndi za Mayi Ndamva. Nkhani ya wochira imayenda pansi, ya wakufa imakwera njinga.

Usiku umenewo Nasingano sanagone, monga analekera kugona kalekale. Mdadada wonse unali zii. Mliri unali utatontholetsa ngakhale mabala ndi magalimoto, moti munthu ankamva malata akuthetheka pozizira. Ali chigonere, maso kudenga, anamva kampopi ka ndowa kakulira, kwiii. Madzi anayamba kugwera m'beseni, tho, tho, kenako chururu. Wina ankasamba m'manja. Ankasamba mosafulumira, monga momwe anaphunzitsira azaumoyo, kutikita zikhatho, kupisa pakati pa zala, kubwerezanso. Kampopi kanatsekedwa. Panapita kanthawi, kenako kunamveka chifuwa chouma, chotsekeredwa ndi dzanja, cha munthu wosafuna kudzutsa anzake.

Nasingano anadzikokera bulangete kumutu. Chifuwa chimenecho anagona nacho bedi limodzi. Akanachizindikira ngakhale pakati pa msika.

M'mawa mwake poto amene anamusiya pakhonde kuti anyowe anali atapalidwa mpunga wonse wa m'munsi. Tsiku linalo anapeza anyezi amene ankasunga pawindo la khitchini atalumidwa ngati gwafa, ndi makoko omwe. Madziwo ankamveka usiku uliwonse. Koma akafunsa anzake, aliyense ankati iye anagona tulo tofa nato. Ngakhale Mayi Ndamva, akumva zonse za m'dziko, za pageti pawo sanamve.

Apa m'pamene mantha ake anasintha mtundu. Anayamba kudziyang'anitsitsa yekha. Manja ake anali atang'ambika ndi kusamba, poti ankati akagwira chitseko asambe, akagwira nsalu asambe, akaganiza za chipatala asambenso. Ankasoka mamasiki tsiku lonse, ndipo tsiku lina podzuka pamakina anapeza kuti wasokerera masiki kusiketi yake. Tiyi ankamuiwala pamoto mpaka ketulo kuuma. Nanga munthu wotere sangalume sopo yekha usiku n'kuiwala? Anafika podziyang'ana mano pagalasi. Mayi ake aang'ono anayamba chonchi amuna awo atamwalira, kumva mawu amene ena sakuwamva, mpaka anamalizira m'misewu akukangana ndi mphepo. Nasingano ankaopa mzukwa, inde, koma ankaopa kwambiri kukhala ngati mayi aja, ana ake n'kumadzamuthawa panjira.

Mlamu wake atabwera kudzamuona, anaima pabwalo, iye ali pakhonde. Nasingano anamufotokozera zonse, za sopo, za madzi, za chifuwa. Mlamuyo anamvetsera akuyang'ana manja ong'ambikawo.

"Alamu, munagona liti komaliza?"

"Zimenezo zikugwirizana bwanji ndi sopo?"

"Musandimve molakwa. Azaumoyo akunena kuti mliriwu sukugwira chifuwa chokha. Anthu ambiri maganizo awapanikiza, kukhala okhaokha, kulira opanda wowatonthoza. Si zamanyazi, kuli madokotala ake. Inenso achimwene ndimawalota." Kenako anati, "Ndayankhula ndi akulu anu. Ana asabwere kaye. Zikapitirira ndidzakuperekezani mukaonane ndi adokotala."

"Wamisala anaona nkhondo, alamu."

Nasingano anayembekeza kuti mlamu aseka. Mlamuyo sanaseke, anangoweramitsa mutu, ndipo Nasingano anadziwa kuti mawu oti wamisala wawatchula yekha, koma anali kale m'mitima ya anthu.

Usiku wotsatira magetsi anazima. Mdima unali wothithikana, woti ukaika dzanja pamaso sulioneka. Kampopi kanalira monga mwa masiku onse, madzi anagwa, anasiya. Koma m'malo mobwerera kumene ankachokera, mapazi anabwera chakuno. Anali mapazi opanda nsapato, okwekwereza, opuma panjira. Anadutsa khomo la Mayi Ndamva. Anafika pawindo la kuchipinda kwake n'kuima. Nasingano ankamva kupuma kuseri kwa katani, kupuma kolemera kokhala ndi kakhweru m'kati.

Chikhadabo chinagogoda pagalasi. Go. Go.

"Nasingano."

Mawu anali a manong'onong'o, osasa, koma anali omwewo.

"Nasingano wanga. Ndikufunseko kanthu."

M'mutu mwa Nasingano munadutsa mayi ake aang'ono, amene ankati mawu akawaitana iwo amayankha mwaulemu n'kutsegula chitseko. Anaganiza kuti akangoyankha bwino, basi wapita, sadzabwereranso. Anakhala tsonga, nakuwa ndi mphamvu zonse zimene zinamutsalira.

"Chokani! Inu munafa! Munafa, tinakulirani, zinatha! Kuno si kwanunso, pitani kwa akufa anzanu, mundisiye ndilere ana!"

Kupuma kuja kunamvekabe kwa kanthawi. Kenako mawuwo anati, mofatsa ngati munthu amene walandira yankho la funso lake, "Oho. Chabwino." Mapazi anakwekwereza kubwerera.

Mdadada wonse unamva kukuwako, ndipo kutacha anthu ankamupatsa moni maso ali kumbali. Koma zinagwira ntchito. Usiku umenewo kampopi sikanalire. Winawo chimodzimodzi. Poto ankacha ndi mpunga wake, sopo ali bwinobwino. Nasingano akanayenera kusangalala, koma mtima unkamuwawa ngati wathamangitsa mlendo mvula ikugwa. Mawu aja oti chabwino ankamubwerera akupalasa makina. Madzulo ena anasiya buledi pawindo mwadala, akudzinyoza yekha, ndipo m'mawa anamupeza nyerere zokha zikumudya.

Kenako kunayamba malumo.

Anawamva ali kutali, kumapeto kwa bwalo. Tsepu, tsepu, tsepu, kenako kaphokoso kaja ka wometa akamaseweretsa lumo m'malere asanadulenso. Mpando wachitsulo unalira pozungulira. Nasingano anatseka makutu ndi pilo, akuti mumtima, basi, zanga zada, mawa ndikauze alamu andiperekeze. Koma posakhalitsa kunamveka chitseko cha chimbudzi chikumenyetsedwa, mapazi akuthamanga, ndi mawu a alandilodi, eni nyumbazo, bambo wonenepa amene sanathamangepo chibadwire, akufuula kuti, "Mayo! Muli chinthu! M'kanyumba muja muli chinthu chikumeta!"

Nasingano analira, ndipo kunena zoona unali misozi ya chimwemwe, chimwemwe chochititsa manyazi. Mzukwa unalipodi. Mutu wake unali wabwinobwino.

Kutacha bwalo linadzaza manong'onong'o. Anthu anaima motalikirana, aliyense maso ali pa kanyumbako. Chitseko chinali chokhoma monga anachisiyira mwini wake, ndipo onse ankadziwa kuti kiyi anapita naye. Kawindo kake kanali kotsekedwa ndi katoni kuchokera m'kati. Palibe amene anayerekeza kuyandikira.

"Ndamva kuti kwinakwake zinachitikanso," anatero Mayi Ndamva. "Telala anamwalira, makina ake ankasoka okha. Pepani anzanga, sindikunena inu. Anachita kuwawotcha. Moto umapha zonse, kachilombo ndi mzimu womwe."

"Ine ndinanena kale kuti zitsulo za munthu uja zichoke pano," anatero alandilodi, amene manyazi a kuthamanga kwa usiku anali atasanduka ukali. "Lumo lililonse lija linakhudza mitu ya anthu odwala. Kanyumbako ndi kanga, ndikawotcha ndekha. Kali patali ndi nyumba, sikayatsa kanthu."

Anamutumizira uthenga mlamu kuti adzaonerere, asadzati katundu wa m'bale wake anabedwa. Iye anafika dzuwa litapendeka, anayesa kunena kuti angothyola chitseko aone, mwina ndi mphaka. Alandilodi anamufunsa ngati anaonapo mphaka wogwira lumo, ndiponso ngati iyeyo ndi amene adzalipume fumbi la m'katimo. Mlamu anayang'ana Nasingano. Nasingano anagwedeza mutu kuvomera. Ankafuna tulo, ankafuna ana ake, ankafuna kuti zithe.

Dzuwa litalowa, kuwala kutatsala pang'ono, alandilodi anabwera ndi chigubu cha petulo. Anayenda monyang'ama, anathira m'matabwa, anathira pachitseko, petulo wina n'kumukhuthulira pansi pa chitseko kuti alowe m'kati. Fungo linadzaza bwalo lonse, linapyoza mamasiki, anthu anayamba kutsokomola n'kubwerera m'mbuyo. Onse anakhala chete kumvetsera. M'kanyumbamo mpando unalira kamodzi, kwii, ngati wina wasuntha pokhala. Mayi Ndamva anayamba kupemphera mofulumira.

"Mwamva?" alandilodi ananong'ona, akupapasa machesi m'thumba. "Chilimo. Ndipo musati ndi wakuba kapena wamisala wa mumsewu. Akanakhala munthu, fungo ili likanamutulutsa kalekale. Munthu wamoyo sangakhale phee m'petulo."

Mawu amenewo anamulowa Nasingano ngati singano yolowa pansi pa chikhadabo. Anaona amuna ake ataima patebulo ndi botolo la sipiliti pamphuno, akudandaula kuti awagulitsa wabodza. Anaona anyezi wolumidwa ndi makoko. Anaona sopo. Mzukwa ulumiranji sopo n'kumulavula? Mzukwa upaliranji poto? Alandilodi anali atatulutsa kale kamtengo ka machesi.

Nasingano sanadziwe kuti bwalo analidutsa bwanji. Anangozindikira kuti bokosi la machesi lili m'dzanja lake, walifinya, ndipo alandilodi ali pansi chagada.

"Wapenga! Mgwireni, wapenga!"

Koma kumugwira ndani, mkazi wa wofa ndi mliri? Onse anangotambasula manja ali patali.

"Alamu," anatero Nasingano, "thyolani chitseko. Ngati mulibe munthu, mundiperekeze kwa adokotala usiku uno, sindikana."

Mlamu anatola chitsulo chimene ankatsekera geti, anachipisa pamphako ya loko, nakanikiza. Thabwa linang'ambika. Chitseko chinatseguka chokha pang'onopang'ono, ndipo munatuluka mpweya wotentha, wa petulo ndi wa munthu amene sanasambe masiku ambiri. Wina anaunika ndi foni.

Pansi ponse panali tsitsi. Pampando wometera, moyang'ana galasi limene linali litaphimbidwa ndi nsalu yometera, panakhala munthu wowonda, mutu wodulidwa mwa zigamba, lumo lili pamiyendo. Pamkono pake panali kachingwe ka pulasitiki ka kuchipatala. Mapazi ake anali m'chithaphwi cha petulo. Anatembenuka pang'onopang'ono, akuphethira ndi kuwalako, milomo yosweka ndi ludzu.

Kumbuyo anthu anabalalika, wina anagwetsa ndowa ya pageti. Nasingano analowa.

"Abambo."

"Usayandikire," anatero a Wailesi. Mawu aja odzaza shopu anali atatsala kamphepo chabe. "Pepa, ndakusowetsa tulo. Ndikanachoka, koma sindikudziwa kumene anzanga amapita. Palibe wabwera kudzanditenga."

"Achimwene!" Mlamu anagwira chitseko kuti asagwe. "Achimwene, mlonda anati mwatsogola!"

"Ndinatsogoladi. Madokotala anati ndachira, bedi likufunika wina, galimoto yondiperekeza palibe. Ndinamuuza mlonda kuti mng'ono wanga akabwera ndi chakudya mumuuze kuti ndatsogola, andipeza kunyumba."

Mlamu anasiya chitseko. Anakhala pansi pakhomo pomwepo, manja kumutu.

A Wailesi anapitiriza, akupuma pakati pa mawu, maso ali pa mkazi wawo yekha. Anati minibasi iliyonse inkawatsitsa ikaona kachingweko ndi kumva chifuwa. Anayenda wapansi, anakomoka, anagona m'nyumba ina yosamaliza kumanga. Pofika pampanda kunali kutada, ndipo anamva nyimbo ya maliro ndi dzina lawo likutchulidwa. Anati ndikalowa tsopano ndipha anthu ndi mantha, ndidikire kuche. Anthu atabalalika, anatsegula kanyumbako ndi kiyi uja wa m'thalauza, anadzikhomera m'kati, anakhala pampando, ndipo sanadziwe kuti anagona nthawi yaitali bwanji.

"Nditadzuka ndinayamba kuganiza. Kuchipatala kuja wa bedi la kumanja anamutulutsa atamuphimba, wa kumanzere chimodzimodzi. Nanga ine ndinatuluka bwanji? Ndinamva Mayi Ndamva akuuza anzawo pampopi kuti anandikulunga m'pulasitiki. Ndinati ndidziyese. Ndinaluma sopo, ngati ndaluma nsalu. Ndinaluma anyezi, palibe. Thukuta langa lomwe sindikulimva. Anati ndachira, koma wochira amakhala chonchi? Ndiye ndinati, anthu anganame, thupi linganame, ndikafunse Nasingano. Iye uja sanandinamizepo chikwatiranire."

A Wailesi anaika lumo pambali.

"Ndiye unandiyankha."

Nasingano anagwada m'petulo momwemo.

"Kuyambira pamenepo ndinasiya kukubera chakudya," anatero a Wailesi. "Akufa sadya. Ndangodzimeta, kuti kumene ndikupitako ndikafike wooneka bwino."

"Achimwene, fungo limachedwa kubwerera," mlamu analankhula akulira. "Azaumoyo amanena tsiku ndi tsiku, ena limawatengera miyezi. Mwachira, simungapatsirenso munthu. Muli moyo, achimwene."

A Wailesi sanamuyang'ane n'komwe. Nasingano anavula masiki. Anagwira dzanja lawo, limene analetsedwa kuligwira tsiku la ambulansi, ndipo linali lofunda. Anasolola singano pachifuwa pake, nawabaya pachala chachikulu. Kadontho ka magazi kanatuluka, kanakula, kanatsetsereka.

"Onani, abambo. Akufa satuluka magazi."

A Wailesi anayang'ana chalacho.

"Mwina ndi otsalira," anatero. Kenako anakweza maso. Munalibe mkwiyo m'masomo, ndipo Nasingano akanakonda mukanakhala mkwiyo. "Usiku uja unati ndinafa. Lero ukuti ndili moyo. Ndimve ziti?"

"Mumve za lero," anayankha, akupukuta nkhope yawo ndi manja ake ong'ambika. "Usiku uja ndinali ndi mantha, ndinkayesa mutu wanga wasokonekera. Ndinanama, abambo. Mumve za lero. Mawa mudzandifunsenso, ndidzakuuzani zomwezi."

Anawatulutsa atawagwira uku ndi uku, iye ndi mlamu wake. Pabwalo panalibe munthu, zitseko zonse zinali zitatsekedwa. Anthu amene ankaopa wakufa tsopano ankaopa wamoyo, ndipo kunamveka mawu a Mayi Ndamva kuseri kwa windo akuuza wina pafoni kuti ndamva ayi, ndaona ndi maso angawa.

Pakhomo la nyumba yawo a Wailesi anaima. Anakana kuponda m'kati.

"Unati kuno si kwanganso."

"Ndi kwanu. Lowani, abambo, muli moyo."

Analowa.

Kwa adokotala aja anapitako onse awiri, Nasingano ndi amuna ake, ndipo anapitako kambirimbiri. Thupi linabwerera, tsitsi linamera, ana anabwera kunyumba. Tsiku lina m'mawa a Wailesi ananena kuti wina wapsereza mkaka, ndipo Nasingano anatuluka panja kukalira. Mliri unazilala, shopu inatsegulidwanso, makasitomala anabwerera mmodzimmodzi. Koma ankametedwa mwa chete, ndipo achilendo ankadabwa kuti munthu wofatsa chonchi anamutchuliranji Wailesi.

Chinatsala chimodzi. Madzulo aliwonse a Wailesi akaweruka, ankafika pakhomo pawo n'kuima, osagogoda, osaitana, mpaka mkazi wawo anene mawu aja. Ana akawauza kuti lowani ankangowamwetulira. Adokotala anati zidzatha, asawakakamize. Choncho Nasingano anasiya kupita kutali madzulo, ndipo akamva mapazi pakhonde ankaimitsa makina ngakhale ali pakati pa msoko.

Tsiku lina anakapereka zovala kutsidya la tauni, mvula inamutsekereza, minibasi zinavuta. Anafika kunyumba kutada, akuthamanga. Ali pageti anawaona a Wailesi. Anali ataima pakhomo, manja m'mbali, madzi a padenga akuwagwera paphewa, malaya atamatirira kuthupi. M'nyumba nyale inali kuyaka, ana atagona pampando powadikira. Chitseko chinali chotsegula.

"Lowani, abambo," anatero Nasingano, mpweya ukumuthera. "Muli moyo."

A Wailesi anatembenuka, akunjenjemera ndi kuzizira.

"Unachedwa," anatero motsitsa. "Ndimayesa wasintha maganizo."